Phunziro Losayeserera

Pasukulu yathu ya mu esiteti ya tiyi tinali ndi kachitidwe kathu. Tikamva kuti kukubwera oyendera, dzulo lake tinkayeserera phunziro ndi ana: wodziwa yankho akweze dzanja lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Alendo ankabwerera okhutira.

Kenako anatitumizira mlangizi wa aphunzitsi, mayi amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ku koleji. Anafika pa kabaza, nsapato zili katondo yekhayekha.

"Ine si woyendera ayi, asisi," anatero titakhala pakhonde, tikuyang'ana azimayi akuthyola tiyi kutsetseko. "Musayeserere. Mundionetse pomwe pakukuvutani. Zikhala za ife awiri."

Ndinati mumtima, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, mwina uyu andithandiza. Ndinamuululira zomwe ndinali ndisanauzeko munthu: mafulakishoni a Sitandade 5 ndinkangowaloweza, kuwamvetsa ayi. Iye anaika foni pazenera kuti ajambule, akuti tidzaonere limodzi. Phunziro lili mkati, mtsikana wina anafunsa chifukwa chake gawo limodzi mwa magawo atatu limaposa gawo limodzi mwa anayi, chonsecho folo ndi wamkulu. Ndinaima njo, choko chili m'manja, thukuta kamukamu. Ndinamukalipira kuti akhale pansi.

Vidiyoyo sitinaionere limodzi. Ndinakaionera ku maphunziro a aphunzitsi a zoni yonse, pakhoma, pamaso pa anzathu ochokera mpaka ku Mphuka. Ahedi anga anali pambali panga.

"Tiyeni tipeze zolakwika za mphunzitsi uyu," anatero mnzanga uja, amene ankatsogolera maphunzirowo.

Nkhope sinkaoneka bwino, koma ndani sadziwa mawu anga ku Thyolo kuno? Diresi lomwe linali pakhomalo ndi lomwe ndinavala tsikulo. Anthu anaseka chobisa, kenako anatigawa m'magulu kuti tilembe zolakwikazo papepala lalikulu. Pagulu lathu cholembera anapatsa ine, akuti ndimalemba bwino. Ndinalemba zisanu ndi ziwiri.

Potuluka ndinamupeza mnzangayo akupinda zingwe za makina oonetsera vidiyo.

"Koma dzina sindinatchule, asisi," anatero. "Mwathandiza anthu ambiri."

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa manyazi anga ndinachita kumupatsa ndekha ndi manja awiri.

Teremu yotsatira anabweranso. Dzulo lake ndinayeserera ndi ana mpaka belu lowerukira. Atalowa m'kalasi, manja onse anali m'mwamba, ine ndikuloza a dzanja lamanja okhaokha. Iye anamwetulira, nalemba mu lipoti lake kuti ulangizi wandisintha kwambiri. Mtsikana uja anali pabenchi yakutsogolo, atakweza dzanja lamanzere. Funso lake sindinaliyankhebe.