Musaiwale anyezi

A Sudi Dinala atha zaka makumi awiri pansi pa ambulera pa msika wa Chonde, kugulitsa nyimbo. Anayamba ndi makaseti, makaseti anafa. Kunabwera ma CD, nawonso anatsatira. Lero amaika nyimbo mu memore, kakhadi kaja kochepa ngati chikhadabo kamene kamalowa m'foni.

Sukulu analekezera Sitandade 6, koma afunseni za ntchito yawo mumve. Bulutufu amati ndi kupala moto kwa mnansi, uyenera kuyandikira. Wayifayi ndi mjigo wa eni, umatunga akakuuza pasiwedi. Za memore sachulutsa gaga m'diwa: "Imafa imeneyo. Osaikhulupirira."

Akazi awo, mayi Ramla, anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Chithunzi sanasiye, ankathawa kamera. Chimene chinatsala ndi voisi imodzi m'foni ya a Sudi, ya masekondi asanu ndi anayi: "Inu a Sudi, pobwera musaiwale anyezi. Dzulo munaiwala. Koma mutu umenewo!"

Maliro atatha, a Sudi anagwidwa ndi mantha. Memore zakufa anaziona zambirimbiri, ndipo laputopu yawo inkayaka pokhapokha aimenye kambama. Mawu a mkazi wawo angawasungitse kwa zinthu zoterezi? Ndiye aliyense wobwera kudzaikitsa nyimbo, kaya zakwaya, kaya kaswida, ankamuikiramo voisi ija pakati pa nyimbo, osamuuza.

Abale inu, mayi Ramla anayenda! Analankhula pa njinga za kabaza, m'mashopu ometera, ngakhale m'minda ya tiyi. Pa ukwati wina ku Thuchila anatulukira pa masipika mkwatibwi akulowa, ndipo akuti azibambo awiri anagwira m'mutu.

Noel, dalaivala wa minibasi, anabwera kudzadandaula.

"Mdala, mayi wa anyeziyu ndi ndani?"

"Ndi basela," anatero a Sudi, maso ali pa laputopu.

Mvula ya Febuluwale chaka chino, a Sudi anaterereka powoloka kamtsinje popita kwawo. Chikwama chinapita ndi madzi, foni ndi laputopu zili momwemo. Anachisaka mpaka m'mabango, osachipeza. Masiku atatu ambulera sinatambasulidwe pa Chonde. Anakhala pakhonde kuyesa kukumbukira mawu aja. Zonenedwazo ankazidziwa zonse, koma liwu lenilenilo linkakana kubwera. Zinawapweteka kuposa tsiku la maliro.

Tsiku lachinayi anakwera minibasi ya ku Limbe kukafuna laputopu yakaunjika. Minibasiyo inali ya Noel. Atayenda pang'ono nyimbo inatha, kunangoti zii, kenako sipika ya pansi pa mpando inati: "Inu a Sudi..."

Noel anatambasula dzanja kuti adumphitse.

"Asiyeni amalize!" anakuwa mayi wina kumbuyo, dengu lili pamiyendo. "Amatikumbutsa amenewa."

"...musaiwale anyezi. Dzulo munaiwala. Koma mutu umenewo!"

Minibasi yonse inaseka. A Sudi anayang'ana pawindo, misozi ili chuchuchu, ndevu zonse kunyowa.

"Ndamva, mayi," anatero chapansipansi. Kenako anagogoda denga. "Noel, nditsitse."

"Simwati ku Limbe, mdala?"

"Nditsitse."

Anatsika pamalo pamene amayi amayala ndiwo m'mbali mwa msewu, nagula mulu umodzi wa anyezi osanenerera. Kunyumba anyezi analiko kale, lichero lodzaza.