Dzino la a Nkhwazi lidikira Januwale

Mukafika ku Finglas, kuno ku Dublin, n'kufunsa Mmalawi aliyense za Bambo Ambrosio Nkhwazi, sakuuzani kuti kwawo ndi ku Ntcheu. Akuuzani za mano. Anali oyera mbee, ondondozana ngati chimanga chosungira mbewu, ndipo pa maphwando athu chotsegulira mabotolo sitinkachifuna. Botolo likavuta tinkangoti, "Apatsireni a Nkhwazi."

Chuma cha dziko lino chitagwa, ntchito yawo yaulonda pamalo omangapo nyumba inatha, poti panalibenso chomangidwa choti alondere. Boma linawapatsa khadi yachipatala ya anthu opeza movutikira. Sabata yomweyo anamva kuti khadiyo imalola kumatitsa mano awiri pa chaka, ulere. Ndiye a Nkhwazi ndi zaulere, mukudziwa, n'pachibale. Febuluwale asanathe anali atamatitsa kale mano awiri akumbuyo omwe sankawawa n'komwe, timabowo take dokotala anachita kutisakasaka.

Mu Okutobala, ku phwando la ubatizo ku Drumcondra, botolo lina linakana. Tinangomva kuti khee! Dzino lakutsogolo, lenileni lojambulitsira chithunzi, linali litabenthuka.

Kwa madokotala a mano atatu anawabwezera pakhomo. Ati khadiyo sakulandiranso, ndalama zomwe boma limawapatsa n'zochepa, sizikwanira ntchito. Wachinayi, wa ku Finglas komweko, anawalandira, n'kuwasuzumira m'kamwa.

"Awiri anu a chaka chino munamaliza, bambo," anatero dokotalayo. "Lachitatuli mulipire nokha. Koma kuzula n'kwaulere, kaya mukufuna onse."

Aka kanali koyamba a Nkhwazi kukana zaulere. Zolipirira panalibe, choncho anagamula kuti dzinolo lipirire mpaka Januwale, khadi ikayambirenso.

Udindo wolilondera anautenga ndi akazi awo, Mayi Sellina, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo za chakudya cha anthu opanda mano amazidziwa bwino. Phala m'mawa, mbatatesi yonyenya masana, madzulo supu. Mtedza wokazinga womwe alamu awo anabwera nawo kuchokera kumudzi anautsekera m'sutikesi. Bambo wamkulu anayamba kuseka atagwira pakamwa ngati mtsikana wofunsiridwa.

Pa Khirisimasi ndiye panavuta, mbuzi yootcha itafika patebulo.

"Bambo a Blessed, ingonunkhizani," anatero Mayi Sellina, akuwalanda nthiti.

"Inu mayi, kodi dzinoli ndi langa kapena lanu?"

"Ndi la tonse. Mukakhala ndi chibowo pamenepo, oseka aseka ine."

Januwale anakwana dzino likadalipo. A Nkhwazi analawirira kwa dokotala wawo uja, n'kupeza chitseko chotseka, pagalasi atamatapo pepala. Dokotala anasamukira ku Australia kukasaka moyo, ngati anzake ambiri a zaka zimenezo. Mayi Sellina anaimba mafoni masiku atatu mpaka anapeza wina wolandira khadi ku Crumlin, ulendo wa mabasi awiri. Malo analipo, inde, koma mu Malichi.

Dzino silinamve za Malichi. Tsiku lina m'basi a Nkhwazi analuma banzi, banzi lofewa loti khanda lingadye, ndipo pochotsa kukamwa anaona dzino latsalira momwemo.

Wina aliyense akanangokhala pansi n'kuvomereza. Iwo tsiku lawo litakwana anavala suti, n'kukwera mabasi awiri aja. Atalowa anatulutsa kathishu m'thumba, n'kukafutukula bwinobwino pamaso pa dokotala, mayi wa ku Dublin konkuno.

"Khadi ikuti awiri pa chaka, adokotala," anatero. "Sinanene kuti dzinolo likhale m'kamwa."

Akuti mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anawapepesa. Anawazula chitsa chomwe chinatsalira mu nkhama, n'kuwabwezera kathishu kawo.

Dzinolo lili m'thumba la jekete mpaka lero. Mukawaseka za mpatawo amakuyankhani mwaulemu kuti mano awo onse alipo, kungoti limodzi limagona padera.