Kazako Wakuda Kudimba la Kachewere

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta opaka nsapato, mtima umandiwawa ngati ndikadali ndi zaka khumi. Limandibwezera pakhonde pathu kufupi ndi Kalomwe, chilimwe chimene achimwene anga a Zakariya anapenga ali maso. Ntchito yanga m'mawa uliwonse, ndisanapite kusikola, inali kupukuta kazako wawo wakuda, chijasi chonga chachikopa, ndi kansanza mpaka awale. Mbale zili mbwee, madzi sanatungidwe, ine ndili pa kazako. Abale inu, mwana wa munthu kutumikira chovala ngati mlendo wochokera kutali!

Achimwene anali munthu wabwinobwino. Ankanyamula matumba a kachewere panjinga kuwolotsa malire kupita ku Dedza, ndipo ankaseka ndi aliyense, ngakhale osintha ndalama aja amene saseka ndi munthu. Chinawasokoneza ndi baraka ina ya malata kuseri kwa msika, kumene masana ankaonetsa kanema ndi magetsi a jeradori. Ndinalowamo kamodzi, amayi atandituma kukawaitana. Munkanunkha thukuta ndi utsi wa gazolina, anyamata atadzaza thothotho. Pakanemapo panali mzungu wa kazako wakuda ndi magalasi akuda, woyenda yekha mumzinda wamvula, wolowa m'masitolo kugula mawotchi, nsapato ndi magalimoto, osayankhula ndi munthu. Chizungu chake sitinkachimva. Tinkamva mawu a Mmalawi wina amene anawajambulira pamwamba, akukuwa m'Chichewa: "Iyi ndiye mphongo! Sipereka moni, sipepesa, simva ludzu!"

Chimbale cha kanemayo chinali chokandika. Chikafika pamene mzunguyo waima padenga la nyumba yosanja atakwinya nkhope, chinkangouma pomwepo. Mwini baraka ankachiuzira mpweya, kuchipukuta pamalaya, kumenya makina mbama, koma ayi ndithu. Anyamata ankatuluka akuti kanema watha, mphongo yapambana.

Zinthu zinayamba kusowa pakhomo. Thumba la mbewu ya kachewere imene abambo anasunga linasanduka kazako wa pakalamidade, pamulu wa zovala zakale zija. Kenaka kunabwera magalasi akuda, wotchi yosayenda, ndi kabotolo ka mafuta onunkhira oti nkhuku zinkathawa achimwene akatuluka m'gowelo. Dzina loti Zakariya linakhala lachimidzi, anati tiziwatchula Zedi. Amayi akati "Mwadzuka bwanji?" iwo ankangotukula chibwano ngati gulo. Abambo, amene anakhala zaka zambiri ku Malawi pothawa nkhondo, tsiku lina anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ife tinathawa zipolopolo ndi bulangete limodzi, koma moni sitinausiye m'mbuyo."

Chimene chinkatidetsa nkhawa tonse chinali nkhani ya Rozalina wa ku Lifidzi, chibwenzi cha achimwene. Ankhoswe anali atayenda kale, ndipo iye anali atalandira mpango wachikole. Ine ndinkamukonda koopsa, chifukwa akabwera kwathu ankandiluka tsitsi osandikoka, n'kumanditchula mlamu ngati ndine munthu wamkulu. Kunangotsala kuti akwawo amuone mkamwini ali ndi khasu m'manja. Malume ake a Rozalina, a Chimbalanga, anatumiza mawu kuti achimwene akathandize kukumba kachewere kudimba.

Tsikulo amayi anawachonderera mpaka mawu kusasa. "Mwanawe, vula chikopacho, ukapsa nacho." Zedi sanayankhe, poti mphongo siyankha. Amayi anandiuza kuti ndipite nawo, mwina poona mlongo wawo achita manyazi. Manyazi ake ati?

Tinafika dzuwa likuswa mtengo. Dimba linkanunkha dothi lonyowa ndi masamba ofota a kachewere, amuna atavula malaya, amayi akutolera m'madengu. A Chimbalanga anasiya khasu n'kubwera akuwomba m'manja mwaulemu. Achimwene anatukula chibwano chija. Mkuluyo anawayang'anitsitsa n'kufunsa, "Kodi maso akudwala, akamwini?" Zii. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Anagwira khasu atavala kazako, mabatani otseka mpaka m'khosi. Kunena zoona, kulima ankadziwa, mizere iwiri anaimaliza anzawo asanafike pakati. Thukuta linkatsika m'manja mwa kazako n'kumadontha pampini. Amayi ake a Rozalina, munthu wamkulu wa imvi, anabwera ndi chikho cha thobwa, n'kugwada pansi, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Achimwene anayang'ana kumbali n'kupitiriza kukumba. Mayiwo anakhala chogwada kanthawi, kenaka anadzuka pang'onopang'ono, chikho chili chodzaza. Rozalina anali chapatali ndi dengu pamutu, ndipo anaona zonse.

Pamzere wachinayi mphongo inagwa khu, chafufumimba. Anthu anathamanga, ena kuwathira madzi, ena kuwakupiza ndi lichero. Powavula kazako, chikopa chabodza chija chinkasupuka n'kumamatirira m'khosi ngati khungu la nyemba zophika. Azakhali ake a Rozalina, amene ankagulitsa zovala za kalamidade, anamutukula m'mwamba, kumutembenuza uku ndi uku, n'kufuula: "Ha! Taonani mabatani ali kumanzere, ndi m'chiuno mopanikiza umu. Kazako uyu ndi wachizimayi!" Dimba lonse linafa ndi phwete, ndipo achimwene anatsitsimuka mkati mwa chiseko chimenecho.

Patapita masiku anayi, Rozalina anandipeza kuchigayo. Anandipatsa mpango uja ataupinda bwinobwino, maso ali ofiira. Ine ndinayamba kulira, n'kumalonjeza kuti kazakoyo ndikamutentha ndekha. Anandipukuta misozi n'kunena kuti, "Za kazako ndinaseka n'kuiwala, mlamu. Koma amayi anga anagwada. Munthu wolephera kunena zikomo, m'nyumba ndidzakhala naye bwanji?" Aka kanali komaliza kunditchula mlamu.

Kazako ndinamutenthadi kudzala, ndipo ananunkha ngati jumbo. Ndinakhulupirira kwa zaka zambiri kuti munali mankhwala m'chovalacho, kuti ndicho chinandilanda mlamu wanga.

Chaka chatha, kuno ku Tete kumene ndimaphunzitsa, ndinamupeza kanema uja pafoni ndipo ndinamuonera mpaka kumapeto. Mzungu uja atatsika padenga paja anakadzitsekera m'nyumba yake yodzaza ndi katundu, n'kufera momwemo. Anamutulukira patapita masiku chifukwa cha fungo. Amene anakonza kanemayo ankachenjeza anthu, koma chenjezolo linali mbali yokandika ya chimbale. Ndinakwiya ngati zachitika dzulo: ndi Mmalawi wokuwa uja, ndi mwini baraka wosagula chimbale china, ndi mwana wa amayi anga wotengera mwamuna woti sanamuone mathero ake.

Nditapita kumudzi pa Khirisimasi ndinawaonetsa achimwene. Masiku ano ali ndi imvi, amapereka moni ngakhale kwa ana, ndipo akakumana ndi Rozalina pamsika ali ndi mwamuna wake, amavula chipewa. Anaonera mwakachetechete, foni ili m'manja awiri. Atatha anandifunsa kuti, "Ndiye manda anakumba ndani?" Ndinati wokumba sanamuonetse, ndipo kumaliroko kunalibe munthu. Kenaka anati, "Thobwa lija ndinkalifuna, mlongo wanga. Kummero kunali gwa."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti achimwene sankamva ludzu, monga ankanenera Mmalawi uja. Tsopano ndikudziwa kuti ankalimva kuposa tonse amene tinali m'dimbamo, ndipo chikho chinali pafupi, m'manja mwa mayi wogwada.