Madesiki a Tsiku Limodzi

Chigubu chimene ndinkakhalira m'kalasi chinali chachikasu, cha mafuta ophikira, chophwanyika mbali imodzi. Amayi anachiyalira kachidutswa ka chitenje pamwamba n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinali mu giredi folo pa sukulu ya boma ku Kalingalinga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachisenza pamutu ngati wopita kumpopi. Anzanga ena ankabwera ndi njerwa, ena ndi matumba a simenti opinda kanayi. Madesiki ochepa amene analipo anali a giredi seveni, olemba mayeso. Ife tinkalembera pamaondo. Mpaka lero zolemba zanga zimapendekeka, ndipo amene amandiseka kuntchito sadziwa kuti tebulo langa loyamba linali bondo.

Linali dzinja. M'kalasi munkanunkha mayunifolomu onyowa, ndipo madzi ankalowera pansi pa chitseko, a njerwa n'kumakweza mapazi. Aphunzitsi athu anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wa choko mpaka m'zigongono. Tsiku lina anatiuza nkhani ziwiri. Yoyamba inali yakuti ku ofesi ya maphunziro ya boma kwafika madesiki ogawira masukulu osowa kwambiri. Yachiwiri inali yakuti akuluakulu a ku ofesiko akubwera, monga ankachitira chaka chilichonse, kudzaona mmene sukulu yapitira patsogolo. Ine ndinaombera m'manja zonse ziwiri. Sindinaone kuti nkhani ziwirizi zikhoza kupondana.

Makolo anaitanidwa ku msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Amayi, amene ankagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, anali m'komiti ya makolo, ndipo ine ndinakhala chapafupi kulondera beseni lawo. Anakambirana zopaka laimu pakhoma, zodula udzu, zoika miyala m'matope kuti alendo apondepo. Kenako wina anafunsa za zigubu zathu.

"Balendo bangene mu kilasi bapeze bana pa vigubu?" anatero amayi. "Awe mwandi, ni manyazi. Bazakamba kuti ku Kalingalinga kulibe makolo."

Pamenepo amalume, mlongo wawo wa amayi, anaimirira. Anali kalipentala wa m'mbali mwa msewu, munthu wokonda kutamandidwa koma wa mtima wabwino. Anati ali ndi madesiki atsopano, ongomaliza kumene, a sukulu ina yolipira ya ku mayadi, kumene kumakhala olemera. Eni ake adzawatenga sabata yamawa. Angatibwereke tsiku limodzi. Nthungululu zinalira, ndipo ahedi anawagwira chanza ndi manja awiri.

Aphunzitsi athu okha ndi amene sanasangalale. "Lekani baone mwamene tilili," anatero. "Mukabisa matenda, malilo yazaulula." Anthu anang'ung'udza. Wina anati mlendo ndi mame, salandiridwa ndi zonyansa. Ahedi anawayang'ana aphunzitsi ndi diso laukali, iwo n'kukhala pansi. Ine mutu unazungulira. Aphunzitsi omwewa ndi amene tsiku lililonse ankadandaula za madesiki. Nanga lero madesiki apezeka, akuwakaniranji? Ndinaganiza kuti mwina amadana ndi amalume.

Lero ndine wamkulu, ndipo sindingathe kuwaweruza makolo aja. Ndi mmene tinaleredwera tonse. Kwathu kukamabwera mlendo tinkabwereka makapu kwa aneba, ndipo palibe amene ankati limenelo ndi bodza. Ankati ndi ulemu.

M'mawa wa tsiku la alendo komboni yathu yonse inanyamula madesiki. Amuna ankakankha mawilibala, amayi awiriawiri atagwira mbali ndi mbali, akumatsetsereka m'matope n'kumaseka. Amalume ankathamanga uku ndi uku ndi kansalu m'manja, akufuula kuti, "Pang'ono pang'ono, imwe! Si yanga aya!" Zigubu ndi njerwa tinakaziunjika kuseri kwa zimbudzi. Fungo la vanishi linadzaza m'kalasi, lakuthwa, lolowa mpaka kukhosi. Anatiletsa kukanda, kutsamira, ngakhale kuika pensulo pathabwa popanda kope pansi pake. Ndinakhala chowongoka ngati pa benchi ya kutchalitchi, mapazi osafika pansi. Thabwalo linali lozizira, losalala, ndipo ndinkaonamo nkhope yanga. Kunena zoona, sindinasangalalepo kusukulu ngati tsiku limenelo.

Alendo anafika atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa magalasi. Tinawaimbira. Ahedi anawerenga lipoti la chaka: dimba la ndiwo, khoma lopaka, ana amene anakhoza mayeso, ndi mgwirizano wa sukulu ndi makolo. Za madesiki sanatchule, ndipo sanafunikire kutchula, pakuti ankawala okha. Mayi wa magalasi uja analowa m'kalasi mwathu, n'kusisita desiki yanga ndi chikhatho.

"Uikonda desiki yako?" anandifunsa.

"Ee, ba madamu," ndinayankha monyada. "Ba malume banga ndiye banapanga."

Anamwetulira, nati makolo a kuno ndi chitsanzo kwa ena, n'kulemba kanthu m'buku lake. Ndinacheuka kuti ndione ngati aphunzitsi akondwera ndi yankho langa. Anali kuyang'ana pawindo.

Galimoto ya alendo isanafike n'kumsewu waukulu komwe, amalume anali atayamba kale kutulutsa madesiki awo, akupukuta iliyonse ndi kuiyang'ana m'makona. Ife tinakatola zigubu zathu, zitalowa madzi. Koma mitima inali m'malo. Tinayamikiridwa, ndipo m'nzeru zanga woyamikiridwa ndi amene amapatsidwa mphatso. Amalume anayenda chotukumuka masabata angapo, amayi n'kumawapatsa zitumbuwa zaulere.

Kenako tsiku lina, nthawi ya buleki, lole yaikulu inatulukira pakona, itadzaza madesiki mpaka pamwamba, omangidwa ndi zingwe zabuluu. Itafika pafupi ndi geti lathu inatitimira m'matope, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Tinathamangira konko tikukuwa. Amayi anasiya beseni lawo n'kuyamba kuvina pamsewu. Anthu anatuluka m'nyumba, ena atavula kale nsapato kuti ayambe kutsitsa katundu.

Dalaivala anatsika, akupukuta thukuta. "Imwe, lekani vingwe! Si yanu aya. Nipita ku sukulu inangu, napitila chabe kuno ndaba njila ija yaonongeka."

Ahedi anafunsa kuti nanga athu abwera liti. Dalaivala anatulutsa pepala m'thumba, n'kuyendetsa chala.

"Imwe simulipo. Bakamba kuti muli nayo kudala, makolo banapanga."

Amayi anatsala mkono uli m'mwamba, kenako anautsitsa n'kumanganso chitenje chawo. Ahedi anabwerera ku ofesi yawo. Mnyamata wina anati tingotsitsa basi, adzatichita chiyani. Maso onse anatembenukira kwa amalume, amene anali atangofika, utuchi uli m'tsitsi. Sindinawaonepo aang'ono chotero. Anabwerera kumalo awo a ntchito, nabwera ndi matabwa awiri aatali, matabwa abwino ogulitsa, n'kugwada m'matope kuwalowetsa pansi pa matayala. Amuna anayang'anizana, kenako mmodzimmodzi anatsamira kumbuyo kwa lole. Anthu aja amene ananyamula madesiki obwereka ndi omwe anakankha madesiki enieni kuwatulutsa m'komboni. Ndikaganiza zimenezi lero, sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Koma tsiku limenelo sindinamvetse kanthu. Mawu a dalaivala ndinawamva, koma ndinati walakwitsa, pakuti tonse tinkadziwa kuti madesiki tilibe. Ndinaganiza kuti lole ikungopita kukatembenukira kutsogolo, kumene msewu ndi waukulu, kuti idzalowe bwino pageti. Belu linalira, anzanga analowa, ine ndinatsala ndikuyang'ana kukona. Mvula inayamba kuwaza. Patapita nthawi aphunzitsi anabwera okha kudzanditenga. Ndinayembekeza kukalipiridwa, koma anangondigwira dzanja.

"Si iwe unalakwa, wamvela?" anatero.

Ndinavomera ndi mutu, chifukwa aphunzitsi savutitsidwa ndi mafunso. Koma njira yonse yopita m'kalasi ndinkadzifunsa kuti kodi pali wina amene walakwa, ndipo n'chifukwa chiyani pa ana onse aja akuuza ine.