Diresi Loviika M'phala

Dzulo magetsi atathima, mdzukulu wanga anasita yunifolomu yake ndi simbi yamakala. Fungo lake linandibwezera kwathu kwa Malengachanzi, sabata ya ukwati wa achemwali anga a Esitere.

Mwamuna wodzawakwatirayo anali kalaliki wa azungu pa boma. Azakhali ake anali atanena poyera kuti mwana wa msodzi adzalowa m'tchalitchi atavala ngati akupita kumunda. Amayi anagula kansalu koyera kotchipa kwa Mmwenye, kopyapyala komvetsa chisoni, n'kusoka diresi pamanja.

Kenako anasinja chinangwa, kufinya madzi ake, n'kuphika kaphala kosalala. Ine ndinakhala pafupi, mbale ili m'manja. Koma iwo anatenga diresi lija n'kuliviika momwemo!

Ndinalira mokuwa. "Amayi, mwaononga phala, mwaononganso ukwati!"

"Pukuta mamina, ukandikolezere makala," anatero.

Litauma analisita, nyumba yonse n'kununkhira chinangwa chootcha. Kansalu kaja kanalimba gwa, kakung'anima, moti diresilo linkatha kuima lokha pamphasa.

Achemwali polowa nalo m'tchalitchi, linkalira wayawaya, anthu onse makosi cheu. Potuluka, azakhali aja anafika n'kulikhudza m'mphepete ndi zala ziwiri.

"Mayi, limeneli munaitanitsa ku Limbe?"

"Ayi ndithu," anatero amayi, "lachokera kumunda komwe munkanena kuja."

Ndadya maphala ambiri chikulire, koma palibe limene linandikhutitsa ngati lomwe anandimana lija.