Tsamba Limodzi la Pulofesa wa Nsapato

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa ndi mayi wa telala, pamakhala bambo wina wosoka nsapato amene msewu wonse umawatcha a Pulofesa. Sukulu anaitsanzika ali kalasi yachinayi, tsiku lomwe aphunzitsi anawafunsa dzina la phiri lalitali kwambiri padziko, iwo n'kuyankha kuti sanayezepo.

Upulofesawo unabwera ndi misomali. Zaka makumi awiri zapitazo anagula timisomali ta zidendene, ndipo mwini sitolo anawakulungira m'tsamba lothothola m'dikishonale yomasulira Chingelezi. Tsikulo kunali mvula, makasitomala kunalibe, ndiye anayamba kuwerenga. Kuseri kwa tsambalo kunali girisi yekhayekha, koma kumaso kwake kunali timawu tiwiri, timene iwo amatitchula kuti "teki ofu", ndi matanthauzo ake ataikidwa manambala: kuvula, kunyamuka kwa ndege, kuliyatsa liwiro, kutsanzira munthu, kutsitsa mtengo, kupuma pantchito, mpaka asanu ndi anayi. Pansi penipeni panalembedwa nambala 10, tsamba n'kuthera pomwepo.

Analoweza onse asanu ndi anayi, ndipo kuyambira pamenepo palibe chimene chinkachitika mumsewumo osagwera m'tsamba lawo. Kasitomala akavula nsapato, iwo amvekere, "Tanthauzo loyamba!" Wakuba akathamangitsidwa, "Lachitatu limenelo!" Munthu akabwera ndi kalata ya Chingelezi kuti amuwerengere, ankaiyang'ana mbali zonse n'kumubwezera. "Ichi n'Chingelezi chotsika, achimwene. Kapatseni ana a sukulu, nawonso adyepo."

Koma nambala 10 ija inkawadya ngati chiswe. M'mawa uliwonse ankagula timisomali tochepa, poganiza kuti tsamba lotsatira liwagwera. Anakulungiridwa m'nyuzi, m'makalendala, m'mapepala a mayeso a masamu, koma dikishonale ija osaonekanso. Kunyumba zitini za misomali zinadzaza kunsi kwa bedi mpaka zina kukwera pakabati. Chinsinsichi ankachidziwa ndi akazi awo okha.

"Bambo, anzanu akakalamba amasiyira ana nyumba," ankatero mayiwo. "Inu mudzawasiyira chokhomera nyumba za eni."

Zinthu zinafika povuta mwana wawo wamkazi atanena kuti wapeza mwamuna womanga naye banja. Ntchito yake? Mphunzitsi wa Chingelezi kusekondale. Wometa, amene pakamwa pake sipatsekeka ngati chitseko cha basi yakale, analengeza msewu wonse kuti Loweruka mkamwini adzafika pakhondepo, ndipo anthu adzamva Chingelezi cha njovu ziwiri.

A Pulofesa atamva, anaika nyundo pansi. Dzina la zaka makumi awiri lithe tsiku limodzi, pamaso pa wometa? Anayesa kukana ukwatiwo.

"Munthu wa choko amatsokomola," anatero kwa akazi awo. "Mwana wanga asakhale namwino."

"Mukuopa chifuwa kapena mukuopa tsamba lachiwiri?" anafunsa mayiwo, osasiya n'kusita komwe.

Loweruka linafika. Pakhonde panadzaza: wometa ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, mayi wa telala tepi ili m'khosi, wogulitsa maambulera, ngakhale mwini sitolo anasuzumira pawindo. Mphunzitsi anatulukira atavala tayi, munthu wowonda, waulemu. Wometa anamukankha pamsana. "Apatseni moni wa Chingelezi apongozi anuwo, musawachititse manyazi ndi chinenero cha kumsika."

Mphunzitsi anamasula chiganizo chachitali ngati sitima ya katundu. A Pulofesa sanatolepo ngakhale bogi imodzi. Koma anali atakonzeka: m'kamwa anali ataikamo timisomali, monga amachitira osoka nsapato, ndiye anangoloza milomo yawo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamva zonse ndipo zina sakugwirizana nazo.

"Lavulani, a Pulofesa, misomali si chakudya!" anakuwa wometa.

Analavulira m'dzanja, pang'onopang'ono, umodziumodzi. Utatha womaliza, maso awo anagwera pansapato ya mphunzitsi, imene chidendene chake chinali chitadyeka mbali imodzi. Mtima unakhala m'malo.

"Teki ofu," anatero, akuloza.

Mphunzitsi anavula. Sokosi inali yobooka, chala chachikulu chili panja ngati nachonso chabwera kudzaonerera. Munthu woima ndi mwendo umodzi salimba mtima, ndipo a Pulofesa sanachedwe.

"Mwamva bwino, mwana wanga. Ndiye tatiuzani, mawu amenewa ali ndi matanthauzo angati?"

Mphunzitsi anatchula anayi, n'kukanda m'mutu, n'kupeza lachisanu. Anayang'ana chala chake chija, koma sichinamuthandize. A Pulofesa anaimirira, n'kuyala onse asanu ndi anayi, aliyense ndi nambala yake, nyundo ikugunda pabenchi. Khonde linaphulika. Wa maambulera anatsegula ambulera imodzi chifukwa cha chimwemwe basi.

Akanakhala pansi pamenepo, nkhani ikanatha bwino. Koma kutamandidwa kuli ngati mowa wa ulere.

"Ndipo lilipo lakhumi!" anatero.

"Nenani!" anatero mayi wa telala.

"Nenani, nenani!" linavomera khonde lonse.

A Pulofesa anatsegula pakamwa, koma munalibe tanthauzo, munalibenso misomali. Akazi awo, amene anali ataima kumbuyo, anayamba kuwerenga malata a denga. Mphunzitsi anawayang'ana apongozi akewo, n'kuona zimene amaziona tsiku ndi tsiku pankhope ya mwana amene sanalembe ntchito ya kunyumba.

"Pepani, bambo," anatero modzichepetsa, "lakhumilo musalitchule pamsewu. Pali amayi pano."

Wometa anamenya m'manja. "Ndimadziwa ine! Chinenero chopanda zotukwana chiliko?" Mayi wa telala anatseka makutu ndi tepi yake, akuseka, ndipo anthu anabalalika akunena kuti ophunzira ndi ophunzira ndithu, amadziwa ndi pobisa pomwe.

Atatsala awiri, a Pulofesa anakhoma chidendene chija. Kenaka anavula chipewa, n'kutulutsamo tsamba lija, lofewa ngati nsanza, lomatidwa ndi guluu wa nsapato m'mapindiro.

"Sukulu yanga yonse ndi imeneyi, akamwini," ananong'ona. "Mwana mutenge. Koma nambala 10 ndiione ndisanafe."

Lolemba mphunzitsi anabwera ndi dikishonale ya mtundu womwewo, yobwereka kusukulu, ataibisa m'thumba la pulasitiki. Anatsegulira kuseri kwa sitolo. A Pulofesa anatsata ndi chala chakuda ndi polishi. Tanthauzo lakhumi linali kumeta tsitsi kapena ndevu.

A Pulofesa anangokhala pamulu wa njerwa. "Zaka makumi awiri! Chinthu chikuchitika pambali panga tsiku lililonse, tsitsi lake n'kumagwera m'tiyi mwanga!"

Mphunzitsi anati awasiyire bukulo sabata imodzi, koma iwo anakana. Anati pamsinkhu wawo munthu sayamba masamba atsopano, angadwale.

Paukwati, akazi a Pulofesa aja anapereka kwa mwana ndi mkamwini zitini zonse za misomali, n'kunena kuti banja lolimba limafuna chokhomera. Dzina la a Pulofesa lilipobe, ndipo lakula. Vuto n'lakuti tanthauzo lakhumi sangamuuze munthu, poti msewu wonse ukudziwa kuti n'lolaula. Wometa amawameta ulere mwezi ndi mwezi, lumo lili pakhosi, akuchonderera kuti angomunong'oneza ngakhale chiyambi chake chokha.

"Pitirizani zomwe mukuchitazo, achimwene," amayankha a Pulofesa, maso ali chitsinzinire. "Mwayandikira kwambiri."