Labala ndi Kompyuta ya Amalume

Labala uja ndikadali naye. Ali m'kachitini ka mabatani, wouma gwa, mbali ina yofiira, ina yabuluu, ndipo pakona pake pakuonekabe mano anga a nthawi imeneyo. Ukamuyesa papepala lero safufuta kanthu, amangosiya chimzere chakuda. Ana anga afuna kumutaya kangapo konse, ine ndimangowauza kuti ayerekeze aone.

Amayi anandigulira labalayu ku Karonga, chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3, nthawi ya chipani chimodzi. Kwathu ndi ku Zomba, koma amayi anali namwino ndipo boma linawatumiza kumpoto. Abambo anamwalira ine ndili kumsana. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, ine, ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi wamng'ono, amene anali kalaliki pa ofesi ina ya zaulimi yoona za alimi a mpunga a ku Kaporo.

Ndinene mosabisa: ndinkajambula bwino. Wofuna kunena kuti ndikudzitama anene. Ndinkajambula ndi makala pakhoma la khitchini, ndi kamtengo pamchenga, ndi machesi opserera kumbuyo kwa mapepala akale a amayi. Ng'ombe zanga zinkakhala ndi linunda pamalo pake. Amayi ena a ku Ngara amene ankabwera ndi beseni la usipa anadziona okha pakhoma lathu, nakwiya chifukwa ndinajambula ndi mpata wa mano awo womwe. Dzanja langa silinkadziwa kunamiza nkhope, ndipo m'nyumba mwathu palibe amene ankaona kuti limenelo lingakhale vuto.

Nkhani yondisankhira zojambulira anaiyambitsa ndi aphunzitsi. Anandigwira ndikujambula njinga m'kope la masamu, anakweza ndodo, anayang'ananso njingayo, ndodo inatsika yokha. Lamulungu masana anafika kwathu atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Iwo anali a ku Karonga konko, Chichewa chawo chinkathawira ku Chitumbuka akasangalala. "Amama, mwana uyu wali na woko, ali ndi dzanja la luso. Musamusiye ndi makala." Anati timugulire utoto wamadzi wa m'katini, umene amalonda ankabwera nawo kuchokera ku Tanzania.

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. Utoto? Zachikale zimenezo! Chaka chomwecho ku ofesi kwawo kunali kutafika kompyuta, ndipo m'kati mwake, iwo anatero, munali pulogalamu yojambulira yokhala ndi mitundu yosatha. Mwana wa luso aphunzire za mawa, osati za dzulo.

Mkanganowo unatenga masabata, pakhonde, tikudya mango mpaka madzi kutsikira m'zigongono. Makrayoni tinayesa. Ndinawaiwala pazenera tsiku limodzi lokha, kutentha kwa ku Karonga kunawasandutsa phala la mitundumitundu. Bolopeni amalume anaikana, akuti imawononga dzanja. Aphunzitsi akakumana ndi amayi pamsika ankakumbutsa za utoto. Amayi yankho lawo linali limodzi: "Ndiona." Amene anakhalapo ndi amayi anga akudziwa kuti "ndiona" wawo ankatha kudya chaka chathunthu. Ine mtima unali dyokodyoko, ndinkafuna kompyuta basi, ngakhale ndinali ndisanaione.

Amalume anali munthu wosamala mochititsa manyazi. Ankasita ndi mpango wa m'thumba womwe. Akamakwera njinga ankapana miyendo ya thalauza ndi zopanira zovala kuti isakhudze tcheni. Anawatumiza ku Lilongwe masabata awiri kukaphunzira makinawo, ndipo anabwerako ndi lamulo limodzi lokhomerera m'mutu: sunga. Chilichonse walemba, sunga pa disiketi, kambale kapulasitiki kolowetsa m'makinamo, msanga magetsi asanathime. Magetsi a paboma nthawi imeneyo ankachokera ku injini, ndipo injiniyo inkatsokomola nthawi imene yafuna. Zala za amalume zinazolowera moti babu akangophethira, zinkasunga zokha mwiniwake asanaganize. Zofufuta sanawaphunzitse. Kalaliki wamng'ono afufutirenji zinthu za boma?

Loweruka lina m'mawa, abwana awo atapita ku Kaporo, amalume ananditenga pakaliyala. Pakhomo la chipindacho anandivulitsa nsapato. Munkanunkhira polishi ndi fumbi lotentha, chokupizira mphepo chikuzungulira kudenga. Kompyutayo inali yofunditsidwa nsalu ngati khanda. Atayatsa, pagalasi panaoneka pepala loyera mbee, m'mbali mwake kaburashi, kapensulo, kandowa ka utoto, ndipo m'munsi timabokosi ta mitundu. Anandigwiritsa kambewa kaja ka mchira wa waya. Ndinadina kamodzi, pepala lonse linafiira psuu. Mayo ine! Ndinadinanso, lonse chikasu. Utoto wosatha, wosasungunuka padzuwa, wosadetsa diresi. Ndinakhulupirira pompo kuti amalume ndi munthu wanzeru kuposa onse m'Malawi.

"Jambula chilichonse ukuchiona," anatero, "ine ndikatenge mapepala uko."

Ana a lero sangamvetse chimene ndinkachiona. Ofesi iliyonse, sitolo iliyonse, kalasi iliyonse inali ndi chithunzi cha mwini dziko, ndipo panalibe chinthu chololedwa kupachikidwa pamwamba pake. Wotchi pansi pake, kalendala pansi pake. Nkhope imeneyo ndinkaiona pa ndalama, pa nsalu ya amayi yopitira ku misonkhano, paliponse. Kwa ine inali nkhope basi, ndipo m'chipindamo inali yokhayo imene inakhala phee osagwedezeka. Palibe anandiuzapo kuti pali nkhope zina zosajambula. Akuluakulu ankangodziwa, ndiye ankayesa kuti ana amabadwa akudziwa.

Kambewa si makala. Ndinkati ndipite uku, iko kankaterera uko. Mutu unatuluka wautali ngati papaya. Diso limodzi linakwera, lina linatsika, khutu linatsetserekera pakhosi. Nditathira utoto pajekete, unadutsira pa kampata ka mzere n'kudzaza nkhope yonse, inangoti biriwiri. Koma tsoka la dzanja langa ndi limeneli: chinkafananabe. Aliyense akanangoyang'ana kamodzi akanadziwa kuti ndi ndani. Ine ndinaseka mpaka misozi.

Amalume akulowa ndi mapepala, babu anaphethira. Dzanja lawo linadutsa paphewa langa, zala zinagogoda, makina analira kuti krrr krrr, kanyale kofiira kanayaka n'kuzima. Anasunga. Kenaka ndi pamene maso awo anafika pagalasi.

Sanakuwe. Anangoima chilili, mapepala akutsetsereka m'manja limodzilimodzi. Ndiye panja panamveka "Odi," mawu a mesenjala wa pa ofesipo, bambo wachikulire wa baji ya chipani pachifuwa, amene akamadutsa anthu ankasintha nkhani. Amalume anathimitsa kompyuta pakhoma penipeni, chinthu chimene ankati ndi tchimo lalikulu.

"Mwana akuphunzira makina? Tione nafe."

"Magetsi avuta, bambo."

Mesenjala anayang'ana galasi lakuda lija. Kenaka anakweza maso pang'onopang'ono kudenga, kumene chokupizira mphepo chinkazungulirabe bwinobwino. Anandiyang'ana ine, anayang'ana amalume, anati "Yewo," n'kutuluka. Mpaka lero sindidziwa chimene anaganiza, ndipo sindidzadziwa.

Pobwerera, malaya a amalume anamatirira kumsana ndi thukuta. Zopanira thalauza anaziiwala pa tebulo. Disiketi inali m'sokosi. Ndinafunsa katatu ngati tidzabwerenso Loweruka, iwo ankangopalasa njinga.

Tinapeza amayi akuphika nyemba pambaula kuseri kwa nyumba. Awiriwo anayankhula motsitsa mawu, koma khutu la mwana limatola.

"Fufutani, achimwene."

"Sanatiphunzitse, achemwali. Komanso akuti makinawa saiwala. Ukafufuta, akatswiri a ku Lilongwe amachibweza."

"Mulinso chiyani m'menemo?"

"Mayina a alimi onse a ku Kaporo. Ntchito ya miyezi itatu."

Amayi anaphula poto, anatambasula dzanja, amalume anawapatsa. Disiketi inapindika pamakala ngati tsamba, inatulutsa utsi wakuda wa fungo lotsamwitsa limene linalowa mu nyemba momwe. Tinadya nyemba zonunkha pulasitiki tsiku limenelo, palibe anadandaula. Ine ndinalira kwambiri, chifukwa chinali chithunzi changa choyamba cha mitundu. Amayi anandigwira chibwano ndi zala zonunkha utsi. "Lero sunajambule kanthu. Unangopita kukaperekeza amalume ako. Wamva?" Maso amenewo sindinawaonepo, ndiye ndinamva.

Lolemba amalume anakauza abwana awo kuti disiketi inagwa m'thumba ali panjinga. Abwanawo anawakalipira pamaso pa anzawo onse kuti ndi osasamala. Iwowo, osita mpango! Anawachotsa pa kompyuta tsiku lomwelo, ndipo patapita masabata pang'ono kalata inabwera yoti apite ku Chilumba akayang'anire nkhokwe ya mpunga. Maphunziro a ku Lilongwe aja anathera pa matumba ndi anankafumbwe. Masabata amenewo amayi ankadzidzimuka galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu wathu, koma palibe inaima.

Ine ndinkadikira chigamulo changa. Ndinkadziwa kuti kujambula kwatha. Khoma la khitchini amayi analitsuka ndi madzi a sopo mpaka mayi wa usipa uja anazimiririka. Makala ndinkangowayang'ana. Zala zinkayabwa, ndinkajambula ndi chala pantchafu, pansi pa diresi, pamene palibe angaone.

Kenaka "ndiona" uja anakwana. Amayi anavala nsalu, anandigwira dzanja, mpaka kumsika, pa tebulo la mnyamata wa katundu wa ku Tanzania. "Karibu mama," anatero, n'kutsegula katini ka utoto kamene aphunzitsi ankanena, timabwalo ta mitundu tili ndandanda. Ndinameza malovu. Amayi anakadutsa. Mabolopeni anawadutsanso. Anasankha mapensulo wamba atatu ndi kope lopanda mizere, kenaka anati, "Labala wamkulu kwambiri amene uli naye ndi uti?" Anamuyesa okha pomwepo. Analemba mzere wakuda bii, anafufuta, anakweza pepala kudzuwa kuti aone ngati patsala chizindikiro. Panalibe. Anagula.

Malamulo anandipatsa tili m'njira. Jambula ng'ombe, mabwato, njinga, aliyense wa pabwalo pathu amene wavomera. Nkhope za pakhoma ndi za pa ndalama uzisiye. Tsamba lililonse undionetse, ndipo chimene ndaloza, ufufute, osafunsa chifukwa. Aphunzitsi atamva kuti tagula mapensulo okha anapukusa mutu, akuti amayi ndi oumira. Amayi anangoti, "Ndi zimenezo, aphunzitsi."

Lero ndimajambula zithunzi za m'mabuku a ana, pa kompyuta, chinthu chimene amayi sanachikhudzepo moyo wawo wonse. Makolo amabwera kudzandifunsa kuti mwana wawo wa luso amugulire pulogalamu iti, tabuleti iti, cholembera chiti. Ndimawayankha mosajejema. Sankhani chimene dzanja la mwanayo lingachilamulire, osati chimene chikukusangalatsani inuyo. Khalani pafupi muziona zimene akujambula. Ndipo musanamupatse, yambani inuyo mwadziwa pofufutira. Amagwedeza mutu poyesa kuti ndikunena za ukatswiri wa makina. Ine ndimakhala ndikunena za mayi wina amene anali ndi chifukwa chokwanira chondithyolera zala, koma anapita kumsika kukagula mapensulo. Pa anthu atatu aja amene ankakangana pakhonde, amene anasankha bwino ndi amayi, ndipo pamenepa sindimva za munthu.

Koma nthawi imeneyo ndinali wokwiya ndi onse. Tsiku limene amalume ankanyamuka, mvula yoyamba inali itangogwa, nthaka ikununkhira, inswa zikuuluka. Lole ya ku Chilumba inaima pamsewu, njinga yawo anaimangirira pamwamba pa matumba. Ndinawakoka malaya.

"Amalume, bwanji osangowauza abwana anu kuti disiketi simunaitaye? Ndikawauze ndine, ndinaona."

Anagwada m'matope ndi thalauza losita lija, anandigwira mapewa onse awiri. "Iwe jambula ng'ombe, mwana wa achemwali. Uzinditumizira." Anakwera, lole inanyamuka, ine sindinabayibitse. Ndinapita kuseri kwa nyumba ndi labala wanga, ndinamuluma ndi mphamvu zanga zonse mpaka mano analowa.

Ndinkayesa kuti amalume ndi amantha, munthu wamkulu wolola kutchedwa wosasamala pa chinthu chimene sanachite. Ndinkayesa kuti labala wamkulu chotere akutanthauza kuti dzanja langa limalakwitsa kwambiri, ndipo chithunzi changa anachitentha chifukwa chinali choipa. Sindinkadziwa kuti chikanakhala choipadi, chosafanana ndi munthu aliyense, disiketi ija sikanapsa, ndipo amalume sakanakwera lole imeneyo.